Thanki ya nsomba za m'nyanja ya mchere: ndiyambire pati ndalama zili zochepa?

Chiphaniphani
Moni nonse akuluakulu. Ndikufuna kuyamba kuweta nsomba za m'madzi amchere m'nyumba, koma malangizo andichulukira. Wina akuti popanda skimmer (makina ochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu) nsomba zifa, wina akuti theka la ndalama lipite ku nyali, winanso akuti ndiyambe ndi kathanki ka malita 30 poti n'kotchipa. M'thumba mwanga mulibe zambiri, ndipo sindikufuna kugula chinthu kawiri. Cholinga changa ndi tinsomba tiwiri ta clownfish, mwina ndi makorali ofewa (zamoyo za m'nyanja zooneka ngati zomera) m'tsogolo muno. Ndi ziti zimene sindingachitire mwina koma kugula, nanga ndi ziti zimene zingadikire? Nsomba za m'madzi opanda mchere ndinawetapo, ndiye kusintha madzi ndikukudziwa.

Nkhanu_Yofiira
Ka malita 30 ako kasiyeni kaye. N'kotchipa tsiku logula lokha.

Kamba_Wamkulu
A Nkhanu anena zoona, koma ndifotokoze chifukwa chake kuti musangomva ngati lamulo. Madzi a m'thanki akamauma, chimene chimachoka ndi madzi okha, mchere umatsala momwemo. Lita imodzi ikauma m'thanki ya malita 30, mchere wakwera ndi magawo oposa 3 pa 100 alionse. Lita yomweyo ikauma m'thanki ya malita 120, kusinthako sikufika ndi gawo limodzi lomwe. Kutentha nakonso chimodzimodzi: madzi ochepa amatentha msanga masana n'kuzizira msanga usiku. Nkhono imodzi ikafera kuseri kwa mwala, m'kathanki kakang'ono madzi onse aonongeka kusanache. Nsomba za m'nyanja zinazolowera madzi osasinthasintha, ndiye chimene chimazipweteka kwambiri ndi kukwera ndi kutsika kumeneku.

Ine ndinganene pakati pa malita 75 ndi 150. Sankhani yotambalala osati yopyapyala yaitali, chifukwa mpweya umalowa m'madzi kudzera pamwamba. Muganizirenso poikhazika. Thanki ya malita 100 pamodzi ndi galasi, miyala ndi mchenga imayandikira makilogalamu 150. Katebulo ka matabwa a utuchi kaja kakangonyowa kamafufuma n'kuwerama, ndipo galasi likakhala pamalo opendekeka limang'aluka polumikizira.

Mwezi_Wawala
Pepani a Kamba, koma mukuopseza anthu. Yanga ndi ya malita 40 ndipo ili bwinobwino, nsomba ziwiri zonenepa. Posintha madzi ndimagwiritsa ntchito kachidebe kamodzi, paketi ya mchere imandikhalitsa. Thanki yaikulu imadya mchere wambiri, miyala yambiri, hita yaikulu. Munthu wanena kuti ndalama n'zochepa.

Kamba_Wamkulu
Kodi mumawonjezera madzi kangati, a Mwezi?

Mwezi_Wawala
Tsiku lililonse m'mawa. Ndinalemba mzere pagalasi, madzi akatsika ndimathira mpaka pamzerepo.

Kamba_Wamkulu
Ndi chimenechotu chikuisunga. Funso ndi lakuti woyamba kumene angachite zimenezo osaphonya, ngakhale ali pa ulendo.

Gogo_wa_Makorali
Mwanawe Chiphaniphani, tamvera kuno. Ndalama zako zoyamba zipite ku madzi. Nsomba ndi zomaliza.

Madzi osungunulira mchere azikhala oyeretsedwa ndi makina osefa madzi a RO/DI, oti ukayeza ndi kachipangizo ka TDS (koyeza zosungunuka m'madzi) kasonyeze 0. Ukhoza kumagula kwa ogulitsa nsomba m'zigubu, koma ukawerengera bwino, kamakina kakang'ono ka kunyumba kamabweza ndalama zake. Kenako mchere wopangidwira mathanki a m'nyanja. Kenako refractometer yoyezera mcherewo. Tija tapulasitiki tokhala ndi kamuvi koyandama timanama, kathovu kamodzi kakamatirira kukamuviko nambala yasintha. Refractometer ugule pamodzi ndi kabotolo ka madzi a 35 ppt (magawo 35 a mchere pa 1,000) koikonzera kuti izinena zoona. Mchere uzikhala pa 1.025 pa muyeso wa kulemera kwa madzi (specific gravity), kutentha pakati pa madigiri 24 ndi 26. Hita usaigule motchipa, ndipo ukhale ndi thermometer yapadera yoti izikuuza ngati hitayo ikunama. Pampu yoyendetsa madzi izitha kutembenuza madzi onse a m'thanki ka 10 kapena ka 20 pa ola, ndipo uilozetse m'mwamba pang'ono kuti pamwamba pa madzi pazigwedezeka. Pomaliza miyala, mchenga wa aragonite wokwana masentimita 2 kapena 3, ndi mankhwala oyezera amoniya, nitrite ndi nitrate.

Nyali yodula idikire. Nsomba sizifuna kuwala kwamphamvu, nyali wamba ya LED ikwanira mpaka tsiku limene udzagule korali. Skimmer idikire. Sump (thanki yachiwiri ya pansi yoikamo zipangizo) idikire. Makina othira okha mankhwala usawaganizire n'komwe.

Tsekwe
Za RO/DI zo mukuwonjeza agogo. Ine ndimatunga wapampopi, ndithira mankhwala ochotsa klorini, basi. Nsomba zili moyo.

Nkhanu_Yofiira
Nanga galasi lanu likuoneka bwanji?

Tsekwe
Ndere zilipo, ndimapala. Thanki iti ilibe ndere?

Gogo_wa_Makorali
A Tsekwe, mankhwala anuwo amachotsa klorini, koma phosphate, silicate ndi nitrate zimatsala. Zimenezi ndiye chakudya cha ndere. Ndipo kumbukirani zimene a Kamba anena: madzi amauma, zosungunukamo zimatsala. Nthawi iliyonse mukawonjezera wapampopi, mukuunjika zinthuzo. Choopsa kwambiri ndi kopa wochokera m'mapaipi. Nsomba zimapirira kopa wochepa, koma nkhono, shrimp ndi makorali zimafa naye. Mwina madzi a kwanuko ndi abwino, sindikukana, koma madzi apampopi amasiyana malo ndi malo, mwinanso nyengo ndi nyengo. Woyamba kumene sangadziwe ngati vuto lili m'madzi kapena m'kasamalidwe kake.

Chiphaniphani
Zikomo agogo. Funso lina, musandiseke: mchere wa kukhitchini sungagwire ntchito? Si mchere womwewo?

Nkhanu_Yofiira
Ayi, musayerekeze.

Kamba_Wamkulu
Funso labwino limenelo. Mchere wodyera ndi sodium chloride pafupifupi yekhayekha. Madzi a m'nyanja ali ndi magnesium, calcium, potassium, sulphate ndi bicarbonate amene amagwira pH kuti isagwe pansi pa 8. Popanda zimenezi nkhono sizingamange zigoba, makorali sangakule. Posakaniza, yambani mwathira madzi m'chidebe, mchere ubwere pambuyo pang'onopang'ono, magalamu 35 mpaka 40 pa lita. Mukayamba ndi mchere n'kumathira madzi pamwamba, calcium amaundana n'kukhala ngati choko pansi, ndipo sasungunukanso. Ikanimo kapampu, agone usiku umodzi, muyeze, kenako mugwiritse ntchito. Chidebecho chikhale cha ntchito yomweyi basi, chisakhudzeko sopo.

Ndibwerezenso: powonjezera madzi amene auma, thirani opanda mchere. Amchere ndi a posintha madzi pokha.

Namzeze
Pa miyala ndiye ndikufuna ndilankhulepo. Gulani miyala yamoyo, ija yochokera m'thanki imene yakhalitsa. Imabwera ndi mabakiteriya kale, tizilombo ting'onoting'ono timene nsomba zimadya, ndi ndere zofiirira zolimba zija zimene zimakongoletsa mwala. Njira yodalira miyala yamoyo ndi skimmer inatchuka ndi oweta makorali a ku Berlin m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo mpaka pano ikugwira ntchito. Mwalawo ndiye fyuluta yanu. Ndimakonda kuunika ndi tochi usiku nyali itazima: tizilombo tonga tinsabwe tikuthamanga pagalasi, tinyongolotsi tokhala ngati nthenga tikutuluka m'timabowo, ukangosuntha dzanja tonse talowa. Mwala wouma sungakupatseni zimenezi.

Mwezi_Wawala
Umabweranso ndi Aiptasia. Kamodzi kokha kabulauni kooneka ngati duwa, mukakadula kamabereka khumi, ndipo kamawotcha makorali. Wouma ndi wotchipa, ndipo mukudziwa chimene mwaika m'madzi.

Namzeze
Wouma umatenga miyezi kuti ukhwime, ndipo ndere zimausangalalira.

Gogo_wa_Makorali
Nonse muli ndi mfundo. Wochepa ndalama agule wouma wambiri, awonjezere chidutswa chimodzi kapena ziwiri za wamoyo zochokera kwa munthu amene thanki yake waiona ndi maso. Ena amati theka la kilogalamu pa malita 4 alionse, koma miyala ya mabowo ambiri imakwanira ngakhale yocheperapo. Uikhazike pagalasi lapansi mchenga usanathiridwe, kuopa kuti nsomba yokumba ingaigwetse.

Chenjezo limodzi, ndipo apa ndikunenetsa. Mwala wochokera m'thanki ya munthu wina usauphike, usauthire madzi owira, usaukweche ndi manja osavala kanthu. Makorali a mtundu wa Palythoa ndi ena a Zoanthus amakhala ndi poizoni wotchedwa palytoxin. Akalowa mu nthunzi, onse a m'nyumbamo amamupuma, ndipo mabanja athunthu agonekedwapo m'chipatala chifukwa cha zimenezi. Magolovesi ndi magalasi oteteza maso n'zotchipa.

Tsekwe
Mukathira madzi ndi miyala, ponyanimo kansomba kamodzi ka damsel kuti thanki ikhwime. N'kolimba, sikafa wamba. Tinkachita choncho kuyambira kale.

Nkhanu_Yofiira
Kusafa si umboni woti sikuvutika. Amoniya amawotcha makha.

Kamba_Wamkulu
Palibe chifukwa choikamo nsomba pa nthawi imeneyi. Mabakiteriya amafuna amoniya, alibe nazo ntchito kuti wachokera kuti. Thirani ammonium chloride mpaka muyeso ufike 2 ppm (magawo 2 pa miliyoni), kapena ponyanimo chakudya cha nsomba pang'ono chiwolere momwemo. Gulu loyamba la mabakiteriya limasandutsa amoniya kukhala nitrite, lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate. Mukamayeza mudzaona amoniya akukwera kenako n'kutsika, nitrite n'kutsatira, pomaliza nitrate n'kuyamba kuoneka. Kawirikawiri zimatenga masabata 4 mpaka 6. Mabakiteriya a m'botolo amafupikitsako. Thanki yakhwima pamene mwathiranso amoniya ndipo pakutha pa maola 24 amoniya ndi nitrite zonse zili pa 0. Apo sinthani madzi ambiri kuti nitrate atsike, kenako nsomba zoyamba.

Ndiponso damsel ija ikakhazikika imatenga thanki yonse kukhala yake. Nsomba iliyonse yobwera pambuyo imathamangitsidwa mpaka kukabisala kuseri kwa hita. Kuti muigwire, mpaka kuphwasula miyala yonse.

Gogo_wa_Makorali
Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masabata amenewa salipiritsa ndalama, ndipo ndi amene amapulumutsa ndalama zambiri.

Njiwa_Yamtchire
Ine ndafika mochedwa, koma ndifunse. Mnzanga ali ndi nsomba ya lionfish imene yakula kuposa thanki yake, ndipo akuti akangoitaya m'nyanja. Pali vuto?

Namzeze
Vuto lalikulu, muuzeni asatero. Kwawo kwa lionfish ndi nyanja za Indian ndi Pacific. Yoyamba inaoneka kugombe la Florida mu 1985, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti zinachokera m'mathanki a anthu. Lero zadzaza Caribbean ndi Gulf of Mexico, zikumeza tiana ta nsomba zakumeneko chifukwa zilibe adani okwanira. Chomera cha Caulerpa taxifolia nachonso chinali chokongoletsera mathanki. Chinaoneka pagombe la Monaco mu 1984 n'kufalikira m'mayiko angapo a m'nyanja ya Mediterranean, kuphimba udzu wa pansi pa nyanja. Aibweze kwa ogulitsa, kapena apeze wina wa thanki yaikulu. Poigwira asamale, minga yake ili ndi ululu.

Njiwa_Yamtchire
Ndamva, ndimuuza lero lomwe.

Mwezi_Wawala
Poti tafika pamenepa, a Chiphaniphani, ma clownfish anuwo mufunse ngati ndi obadwira m'thanki. Amphiprion ocellaris anayamba kuswetsedwa pa malonda m'zaka za m'ma 1970 ku Florida, ndipo masiku ano amapezeka mosavuta. Obadwira m'thanki anazolowera chakudya cha m'paketi, ndipo sanavutike ndi ulendo wautali. Nsomba zina zogwidwa kunyanja, makamaka m'madera ena a Philippines ndi Indonesia, amazigwira pozikomola ndi cyanide. Zimafika zikuoneka zathanzi, n'kudzafa patapita masabata, ndipo makorali a pamalo amene anapopera mankhwalawo amafanso.

Chiphaniphani
Kodi ndigule bwanji kuti ndipeze yaimuna ndi yaikazi? Nanga anemone, chamoyo chooneka ngati duwa chimene clownfish imabisalamo kunyanja, ndi yofunika?

Kamba_Wamkulu
Gulani ziwiri zazing'ono, ina yokulirapo pang'ono. Ma clownfish onse amayamba ali amuna. Yamphamvu pa ziwirizo imakula n'kusanduka yaikazi, inayo imatsala yaimuna. Mudzaona yaing'onoyo ikupendekeka n'kumanjenjemera pamaso pa inzake, kumeneko ndi kugonja, si matenda. Zazikulu ziwiri musagule, mwina zonse zasanduka kale zazikazi, ndipo zimamenyana mpaka ina kufa.

Anemone siyofunika. Imafuna kuwala kwamphamvu ndi thanki imene yatha pafupifupi chaka, imayendayenda, ndipo ikakokedwa ndi pampu imaononga madzi onse. Clownfish imakhala bwino popanda iyo, imasankha kona yake kapena korali wofewa.

Nkhanu_Yofiira
Ndipo wina asakunyengeni ndi nsomba ya blue tang kuti ndi yaing'ono. Imafika masentimita 30. Mandarin nayo ndi yokongola, koma imadya tizilombo tamoyo ta m'miyala tsiku lonse, ndipo m'thanki yatsopano imafa ndi njala.

Wamagetsi
Tabwererani ku zipangizo pang'ono, chifukwa za magetsi palibe wazitchula. Madzi amchere amadutsitsa magetsi kuposa madzi wamba, ndipo inu muzipisamo mkono mpaka m'chigongono. Zonse za pathanki zidutse pa RCD, ija imazimitsa yokha magetsi akangothawa, ya 30 mA. Chingwe chilichonse chizitsika pansi kaye kenako n'kukwera kupita ku soketi, kuti dontho lotsetsereka pachingwe ligwere pansi. Ma extension musagoneke pansi kuseri kwa thanki, akhomereni m'mwamba. Mchere umakwawa: timadontho tikauma timasiya zoyera pa chilichonse, ndipo zoyerazo zikalowa m'soketi zimakoka chinyontho. Ndinaonapo pulagi itada bii, pulasitiki itasungunuka mbali imodzi, chifukwa cha mchere wokhawo.

Hita ikamaonongeka, nthawi zambiri imakanirira poyaka. Yanga ina, yatsopano ndithu, inatero ndipo chinandipulumutsa ndi kachipangizo kapadera kamene kamadula magetsi kutentha kukapitirira. Ngati kameneka simungakwanitse, gulani mahita awiri ang'onoang'ono m'malo mwa imodzi yaikulu. Imodzi ikakanirira, payokha singaphike thanki msanga.

Mwezi_Wawala
Nanga magetsi akazima?

Wamagetsi
Choyamba kutha ndi mpweya, kutentha kumatsika mochedwerapo. Madzi amchere ofunda amasunga okosijeni wochepa kuyerekeza ndi madzi ozizira opanda mchere. Kapampu ka mpweya ka mabatire n'kotchipa, kakhale pafupi ndi mabatire ake. Ngati kalibe, tungani madzi ndi jagi n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba pafupipafupi. Fundikani thanki ndi bulangete, ndipo musadyetse nsomba mpaka magetsi atayaka.

Tsekwe
Pa skimmer pokha ndikutsutsa agogo. Chiikireni yanga madzi anayera, ndipo zimene imatulutsa m'kapu mwake ndi zakuda zonunkha. Zonsezo zikanatsala m'madzi.

Gogo_wa_Makorali
Sindinati ndi yachabe, ndinati idikire. Ndi nsomba ziwiri kapena zitatu m'malita 100, kusintha magawo 10 pa 100 a madzi sabata iliyonse kumachotsa zonyansazo, komanso kumabwezeretsa calcium ndi zina zimene skimmer singabwezeretse. Ndipo skimmer yotchipa kwambiri imasokosa n'kumasefukira. Bola kusunga ndalamazo mpaka zikwane yabwino, nsomba zikadzachuluka.

Ndalama ya skimmer ndingakonde ipite ku kathanki kachiwiri ka malita 40, kopanda mchenga, kokhala ndi hita, fyuluta ya siponji ndi zidutswa za paipi ya PVC zobisalamo. Nsomba yatsopano iliyonse ikhale mmenemo kaye masabata 4 kapena kuposa. Matenda a timadontho toyera amabwera ndi kachilombo ka Cryptocaryon irritans. Kamadya pakhungu la nsomba masiku angapo, n'kugwera pansi, kudzitsekera m'kachikopa, n'kuswana mazanamazana. N'chifukwa chake timadontho timasowa, iwe n'kumati nsomba yachira, kenako n'kubwera tochuluka. Mankhwala ake odalirika ambiri ali ndi kopa, ndipo sungawathire m'thanki ya miyala ndi nkhono. Kachilomboka kakalowa m'thanki yaikulu, uyenera kutulutsa nsomba zonse n'kuisiya yopanda nsomba masabata oposa 10.

Namzeze
Wina amuuzenso za nyengo yonyansa ija, angadzataye mtima. Thanki ikangokhwima, mchenga ndi galasi zimachita fumbi labulauni. Amenewo ndi ma diatom, amadya silicate, ndipo akamutha amazimiririka okha. Pambuyo pake zimabwera ndere zobiriwira zonga tsitsi. Musathamangire mankhwala. Chepetsani maola a nyali, dyetsani zochepa zoti zithe m'mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo apa ndi pamene muike nkhono za Trochus zingapo. Izi zikagwa chagada zimatha kudzitembenuza zokha. Musagule gulu lalikulu nthawi imodzi, ndere zikatha zifa ndi njala.

Chiphaniphani
Mwandithandiza kwambiri, akuluakulu. Mmene ndamvera: thanki ya malita pafupifupi 100, madzi a RO/DI, mchere, refractometer, mahita awiri, pampu, miyala youma ndi chidutswa cha wamoyo, zoyezera, RCD, kapampu ka mabatire, ndi kathanki kosungira alendo. Skimmer ndi nyali ya makorali pambuyo. Tsopano pali munthu akugulitsa thanki yogwirapo kale ntchito ya malita 110, pamodzi ndi miyala ndi mchenga wake. Nditenge?

Nkhanu_Yofiira
Mumufunse ngati anathiramo mankhwala a kopa. Akazengereza kuyankha, tengani galasi lokha.

Kamba_Wamkulu
Mchenga wakalewo usiyeni ngakhale atayankha bwino, umakhala utasunga zonyansa zambiri ndipo mukauvundula zonse zimatuluka. Galasilo muliyang'ane m'makona: silikoni asakhale wosupuka, wouma kapena wa timathovu pakati pa magalasi awiri. Yendetsani chikhadabo pagalasi lakutsogolo kuti mumve mikwingwirima. Mukafika nayo, idzazeni madzi wamba panja pamalo osalala, muyale nyuzipepala pansi pake, ikhale masiku awiri kapena atatu. Potsuka, viniga ndi madzi basi.

Mwezi_Wawala
Ili ndi chivindikiro? Ma clownfish amalumpha akadzidzimuka usiku.

Chiphaniphani
Ilibe. Akuti linasweka.

Wamagetsi
Dulitsani pulasitiki yoonekera kapena galasi, musiye mpata wa zingwe kumbuyo. Kapena ukonde wa pulasitiki wa timabowo tating'ono pa felemu ya pulasitiki, uwu sutsekereza kutentha, koma madzi amauma msanga. Chachitsulo chilichonse chisakhale pamwamba pa madziwo, dzimbiri lizidonthera momwemo. Mutiuze muyeso wa m'litali ndi m'lifupi mwake, tikuuzeni pampu yoyenera.